Njira Ziwiri Zapakhosi

Agogo anga aakazi adagwa akusesa pabwalo m'mawa wa tsiku lina m'mwezi wa Juni chaka cha 2023. Msuweni wanga, yemwe adawapeza, adaganiza kuti apunthwa pamwala, koma poyesa kuwadzutsa adaona kuti mkono ndi mwendo wakumanja zangoti lobodo, pakamwa pakhota, malovu akungotuluka. Ankayesetsa kuyankhula koma mawu sankamveka. Tidapeza galimoto ya matola n'kuthamangira nawo kuchipatala chachikulu cha m'boma lathu, komwe adokotala adatiuza kuti ndi sitiroko, matenda opha ziwalo amene nthawi zambiri amadza chifukwa cha kuthamanga kwambiri kwa magazi. Ine ndidali patchuthi, choncho ntchito yodikirira matenda idagwera ine ndi amayi anga. Sindidawiringule, pakuti agogowa ndiwo adandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi, amayi atapita kukagwira ntchito kutauni.

Tsiku lachiwiri amayi adaphika phala losalala kukhitchini ya magadiyani n'kubwera nalo m'kakontena. Asadayambe kuwadyetsa, padafika namwino wina wachikulire yemwe adawagwira dzanja. Adawakhazika agogo tsonga, natunga madzi pa supuni yaing'ono n'kuwamwetsa. Madziwo adakhala kaye m'kamwa, kenaka agogo adayamba kutsokomola mofooka, maso ali psuu, ndipo atayesa kuyankhula mawu adamveka ngati a munthu amene akuchukucha pakhosi. Namwinoyo adapukusa mutu nati, "Mayi, kuyambira pano musawapatse kanthu kalikonse pakamwa, ngakhale madzi. Sitiroko yafooketsa minofu yomezera. Adokotala akabwera tikambirana zowaika chubu." Amayi adangoti zii, kakontena kaphala kali m'manja.

Madzulo a tsiku lomwelo adafika amalume, achimwene awo a amayi, omwe ndi mwinimbumba kwathu. Atangomva za chubu nkhope yawo idagwa. Adatiitanira panja, pansi pa mtengo wa mango pomwe magadiyani amayanika zovala, ndipo adati, "Mlongo, mayi athuwa asawaike chubu. Ndi angati amene mudawaona atalowetsedwa paipi m'mphuno n'kubwerera kumudzi akuyenda okha? Ngati nthawi yawo yakwana, tiwatenge akatsikire kuli chete ali m'nyumba mwawo." Adatchula anthu atatu a m'mudzi mwathu amene adaikidwa machubu, onse n'kumwalira pasadathe sabata. Amayi sadayankhe. Ineyo ndidagwira njakata, chifukwa anthu atatuwo ndinkawadziwa, ndipo maliro a awiri mwa iwo ndidapita.

Amene adatithandiza ndi namwino wachikulire uja. Sadawakalipire amalume ngakhale kuwanyoza kuti ndi osaphunzira. Adawapempha kuti aike chala pakhosi pawo n'kumeza malovu. "Mwamva chakwera n'kutsikacho, bambo?" adafunsa. Kenaka adatenga pepala n'kujambula mipita iwiri yogundana. Adafotokoza kuti mpita wakutsogolo ndi kholingo, njira ya mpweya yopita kumapapo, ndipo wakumbuyo ndi mmero, njira ya chakudya yopita m'chifu. Njira ziwirizi zimayambira pamodzi kukhosi. Munthu akamameza, kholingo limakwera ndipo kachivundikiro kena kamatseka pakhomo pake kuti chakudya chidutse kumbuyo. Sitiroko ikasokoneza ntchito imeneyi, phala limalowera kumapapo, komwe limayambitsa chibayo. Ntchito ya chubu n'kulambalala mphambano yovutayo kuti chakudya chikafike m'chifu mwachindunji.

Amalume adafunsa chifukwa chake anthu atatu aja adamwalira. Namwino adayankha kuti za anthuwo sangazidziwe, koma chomwe amaona kawirikawiri n'chakuti abale amakana chubu masiku angapo, akudyetsa wodwala pakamwa mobisa, ndipo amadzavomera wodwalayo atafooka ndi njala komanso chibayo chitalowa kale. Akamwalira, chomwe aliyense amakumbukira ndi chubu chomwe chidali pamphuno. Apa amalume adatembenukira kwa ine. "Iwe mwana wasukulu, ukuti bwanji?" Kwathu mwana wamkazi safunsidwa nzeru pankhani za matenda amalume ake ali pomwepo, motero ndidadziwa kuti yankho langa lindilemera. Ndidati, "Amalume, tiyeni tiyese." Iwo adayang'ana pansi nthawi ndithu, kenaka adati, "Chabwino. Koma zikavuta musadzati amalume sadanene."

Chubucho adawaika m'mawa mwake ine ndikuona. Chidali cha pulasitiki yofewa, nambala 16, chomwe kunenepa kwake ndi mamilimita asanu ndi pang'ono, ndipo chidali ndi manambala olembedwa m'litali mwake. Anamwino amachitchula kuti NGT. Asadachilowetse, namwino adachiyeza kunja kwa thupi: kuchokera pansonga ya mphuno kukafika pakhutu, kuchokera pakhutu kutsika mpaka pa kafupa ka kumapeto kwa fupa lapachifuwa. Muyeso udakwana masentimita 55, ndipo adazindikiritsa pamalopo ndi kachidutswa ka pulasitala. Adafunsa ngati agogo adavulalapo m'mutu kapena kuchitidwa opaleshoni m'mphuno, chifukwa munthu wothyoka fupa la pansi pa chigaza saikidwa chubu cha m'mphuno. Atawakhazika tsonga, adapaka mafuta oterera kunsonga n'kuyamba kulowetsa pang'onopang'ono, molunjika kumbuyo osati m'mwamba. Chitafika kukhosi adaweramitsa mutu wa agogo kuti chibwano chiyandikire chifuwa, uku akuwauza kuti, "Mezani agogo, mezani." Misozi idatuluka m'maso mwawo, ine ndikuwagwira dzanja lamanzere lomwe linkafuna kukachotsa chinthucho.

Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, ndipo ndidatenga kakontena kaphala. Namwino adandiyang'ana nati, "Achemwali, dekhani. Kulowetsa chubu aliyense angathe. Nkhani yagona podziwa komwe chapita." Adalumikiza sirinji yaikulu kuchubu n'kukoka pang'onopang'ono mpaka mudabwera timadzi totuwa tobiriwirako. Adatulutsa m'thumba kabokosi ka timapepala toyezera asidi, tomwe adati amatisamala ngati ndalama chifukwa sitipezeka nthawi zonse m'wodimo. Adadonthezera timadzi tija pa kapepala, nayerekeza mtundu wake ndi mitundu ya pa kabokosi. Nambala idali 4. Adandiuza kuti m'chifu muli asidi, choncho muyeso wa pH ukakhala 5.5 kapena kucheperapo ndiye kuti chubu chili m'malo mwake, koma ukapitirira apo sadyetsa kanthu kufikira atatsimikiza mwanjira ina. Atatero adamata chubu pamphuno ndi patsaya, nalemba 55 pa fayilo.

Masiku otsatirawo ndidaphunzira ntchito yomwe sindidailotepo. Tinkaphika Likuni Phala wamadzimadzi, kuthiramo mkaka, n'kumusefa kuti pasakhale mibulu yotseka chubu. Tisadadyetse, tinkawakhazika agogo motsamira mapilo ndi zitenje zopindapinda kuti mutu ndi chifuwa zikwere, ndipo akatha kudya ankakhala choncho pafupifupi ola limodzi kuti chakudya chisabwerere kukhosi. Phala tinkalithira m'sirinji yochotsa chokankhira, kuikweza m'mwamba kuti litsike lokha popanda kulikakamiza. Tisadayambe komanso tikamaliza tinkathiramo madzi owiritsa ozizira otsukira chubu. M'kamwa mwawo tinkapukutamo ndi kansalu konyowa, chifukwa pakamwa posadya pamauma ndipo tizilombo timaswana. Lamulo lalikulu lidali loti tiziyang'ana nambala ya pamphuno nthawi iliyonse, ndipo namwino aziyamba waona tisadathire kanthu.

Kukhitchini ya magadiyani ndidazindikira kuti machubuwa ali ndi ntchito zosiyanasiyana. Mayi wina amuna ake adachitidwa opaleshoni matumbo atapotana, ndipo chubu chawo sichidali chodyetsera koma chotulutsira madzi ndi mpweya m'mimba, zomwe zinkagwera m'kathumba kopachikidwa pabedi. Mtsikana wina mwana wake adabadwa masiku osakwana, ndipo ankafinya mkaka wa m'mawere m'kapu, anamwino n'kumuthandiza kumwetsa khandalo kudzera m'kachubu kowonda ngati udzu. Gogo wina ankadikirira mdzukulu wotupikana ndi njala yemwe ankalandira mkaka wa F-75 mwanjira yomweyo. Tonsefe tinkaphikira pa mafuwa amodzi, kubwerekana mchere ndi nkhuni, ndipo aliyense ankasimba mantha ake. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adavomera chubu mtima uli m'malo.

Tsoka langa lidadza usiku wachisanu. Amayi adali atakagona kuchisakasa cha magadiyani, ine n'kutsala pamphasa pafupi ndi bedi. Tulo tidandiba. Nditadzidzimuka cha m'ma 2 koloko ndidapeza dzanja lamanzere la agogo lili pamphuno, pulasitala atamatuka, chubu chitatuluka kutalika kwake kuposa chikhatho changa chotambasula. Nambala yomwe idali pamphuno tsopano idali 30. Ndidayang'ana kumpando wa anamwino. Usiku umenewo kudali namwino mmodzi yekha wodi yonse, ndipo adali kumapeto akulimbana ndi mayi wina amene ankabanika. Ndidachita mantha kuti andikalipira chifukwa chogona pantchito. Ndidaopanso kuti amalume akamva adzati zomwe adanena zija zayamba. Ndidadziuza kuti njira yake ndi yomweyo, chubu changobwerera m'mbuyo basi. Choncho ndidachigwira n'kuchikankha pang'onopang'ono mpaka 55 adafikanso pamphuno. Agogo adangokhosomola kamodzi mofooka n'kukhala chete. Ndidamata pulasitala bwinobwino, ndikugona ngati sipadachitike kanthu.

Kunena zoona sindidagone. M'bandakucha amayi adabwera ndi phala lotentha, naliika pansi kuti lizizire. Nambala ya pamphuno idali yolondola, pulasitala ali m'malo mwake, ndipo amayi adati popeza anamwino atanganidwa ndi kusinthana ntchito, tingoyamba ndi madzi. Adanyamula sirinji. Mtima wanga unkagunda ngati ng'oma. Ndidakumbukira mawu a agogo omwewo, omwe ankakonda kutiuza tili ana kuti mukabisa matenda maliro tidzamva. Ndidawagwira mkono amayi n'kunena kuti, "Amayi, imani kaye. Ndalakwa." Ndidawafotokozera zonse misozi ili chuchuchu. Amayi sadandiyankhe ngakhale liwu limodzi. Adaika sirinji pansi n'kupita kukaitana namwino.

Woyamba kufika adali mtsikana wina wophunzira unamwino, wamsinkhu wanga. Adakankhira mpweya m'chubu ndi sirinji uku akumvetsera pamimba ndi choyezera cha m'makutu, kenaka adamwetulira nati, "Zamveka, chili bwinobwino." Mtima wanga udayamba kutsika. Koma nthawi yomweyo adatulukira namwino wachikulire uja, ndipo atamva nkhani yanga adati pasathiridwe kanthu. Adakoka ndi sirinji, osabwera kalikonse. Adawagoneka agogo chakumanzere, nadikira kanthawi, n'kukokanso. Mudabwera timadzi tochepa toyera ngati mamina. Kapepala kadaonetsa 7. Adatembenukira kwa wophunzira uja n'kumuuza mofatsa kuti m'thupi phokoso limayenda, motero mpweya wolowa m'mapapo umatha kumveka pamimba ngati walowa m'chifu. Adokotala atafika adalamula kuti agogo akajambulidwe ekisireyi, pofuna kuonanso ngati chibayo chayamba popeza ankapuma mofulumirako.

Chithunzicho sindidzachiiwala. Adokotala adachikweza pawindo n'kundiitana kuti ndione. Adati chubu chokhala bwino chimatsika pakati penipeni pa chifuwa, kudutsa pomwe kholingo limagawikana pawiri osakhotera mbali iliyonse, kupyola mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, n'kukathera pansi pake chakumanzere komwe kuli chifu. Cha agogo chidafika pamphanda paja n'kukhotera kumanja, kulowa m'phapo. Adafotokoza kuti nthambi yakumanja ya kholingo ndi yotakata komanso yolunjika kuposa yakumanzere, n'chifukwa chake zinthu zosokera zimakonda kulowera kumeneko. Ndidafunsa chifukwa chomwe agogo sadatsamwire kwambiri pamene ndinkakankha. Adayankha kuti munthu wabwinobwino angatsokomole mpaka kugwa pabedi, koma sitiroko yomwe yafooketsa kumeza imafooketsanso chitsokomolo. Wodwala wotere amatha kukhala phee chubu chili m'phapo. Kapu imodzi ya phala ikadatsikira mmenemo, mwina amalume akadawanyamuladi amayi awo, koma m'bokosi.

Chubucho adachichotsa nthawi yomweyo n'kuika china chatsopano, nayeza monga poyamba. Agogo adawayambitsa mankhwala a chibayo, ndipo dzanja lamanzere tidalikulunga ndi sokosi kuti zala zisagwire chubu. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma namwino adandiitanira pakhonde nati, "Mwana wanga, kugona si mlandu, munthu aliyense amatopa. Chubu kutuluka si mlandunso, zimachitika tsiku ndi tsiku. Cholakwa n'kuchibwezera wekha. Koma ukadapanda kuulula, lero bwenzi tikunena zina." Kenaka adandipempha kuti ndikafotokozere magadiyani anzanga zomwe zachitika. Zidandichititsa manyazi, komabe ndidapita. Mayi wina atamva adaulula kuti iye wakhala akuchita zomwezo kwa amuna ake kawiri konse, osadziwa kuti pali choopsa.

Titatsegulira sukulu ndidayamba kuwerenga za nkhaniyi m'nyumba yowerengeramo mabuku ndi pa intaneti, mwina pofuna kuchepetsa kulemera kwa mumtima. Ndidapeza kuti nzeru yodyetsera munthu m'chubu ndi yakale. M'chaka cha 1790 dokotala wa ku London, John Hunter, adadyetsa munthu wofa minofu yomezera pogwiritsa ntchito chikopa cha nsomba ya mkunga chomwe adachiveka pa fupa la namgumi. M'chaka cha 1921 madokotala awiri, Abraham Levin wa ku America ndi John Ryle wa ku Britain, aliyense payekha adakonza machubu a labala olowera m'chifu, ndipo mayina awo akutchulidwabe m'zipatala mpaka lero. M'chaka cha 1980 Michael Gauderer ndi Jeffrey Ponsky a ku Cleveland adalengeza njira yoika chubu choboola pamimba mothandizidwa ndi kamera yolowera kummero. Njira imeneyi, yotchedwa PEG, ndi ya anthu ofunika kudyetsedwa m'chubu kwa nthawi yaitali, kupitirira mwezi ndi kuposerapo.

Chomwe chidandidabwitsa kwambiri n'chakuti ngozi yomwe idatsala pang'ono kutigwera imachitikanso m'maiko olemera, m'manja mwa anthu ophunzira. M'chaka cha 2005 National Patient Safety Agency, bungwe lomwe panthawiyo linkayang'anira chitetezo cha odwala ku England ndi Wales, lidachenjeza zipatala anthu 11 atamwalira chifukwa cha machubu osokera. Lidaletsa njira yomvetsera mpweya pamimba ija, komanso kudalira kuti wodwala sakubanika ndiye kuti zili bwino. Ngakhale zidali choncho, mu 2011 bungwelo lidalengezanso kuti pakati pa Seputembala 2005 ndi Malichi 2010 anthu ena 21 adamwalira ndipo 79 adavulazidwa podyetsedwa kudzera m'machubu omwe adali m'mapapo. Chifukwa chachikulu chidali kuwerenga molakwa zithunzi za ekisireyi. Kuyambira 2009, ku England ngozi imeneyi ili m'gulu la zolakwa zomwe siziyenera kuchitika n'komwe, popeza njira zozipewera zimadziwika.

Ndidaphunziranso kuti palibe muyeso umodzi wopanda chilema. Kapepala ka pH kamatha kuonetsa nambala yokwera ngakhale chubu chili m'chifu, ngati wodwala akumwa mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole kapena ngati wangodya kumene. Zikatero chofunika n'kudikira kapena kujambula, osati kungoganizira. Ekisireyi imanena za nthawi yomwe munthu wajambulidwa yokha, ndipo chubu chikhoza kusuntha pambuyo pake wodwala akasanza, akatsokomola kwambiri kapena akachikoka. Maonekedwe a madzi otuluka nawo amanamiza, chifukwa a m'mapapo ndi a m'chifu nthawi zina amafanana. Nayo nambala ya pamphuno, yomwe tinkaikhulupirira kwambiri, ine ndemwe ndidaonetsa kuti ikhoza kunama. N'chifukwa chake malangizo amati chubu chiyezedwe chikangoikidwa, komanso nthawi iliyonse asadathiremo chakudya, madzi kapena mankhwala.

Zonsezi zidandichititsa kuganiziranso mawu a amalume. Tsiku lija pansi pa mtengo wa mango ndinkawaona ngati munthu wotsalira, ine mwana wa kuyunivesite n'kumadziona wozindikira. Komatu mantha awo sadali opanda maziko. Chubu chimaphadi chikasokera, ndipo n'kutheka kuti mwa anthu omwe midzi yathu idalira, ena adafa imfa yotereyi popanda wodziwa. Pomwe amalume adaphonya ndi poganiza kuti kukana chubu ndiko kupulumuka, pamene kudyetsa pakamwa munthu wolephera kumeza kumapititsanso phala kumapapo komweko. Pomwe ine ndidaphonya ndi poganiza kuti kuvomera chubu ndiye kuti nkhani yatha. Ndidaona namwino akulowetsa kamodzi n'kudziyesa katswiri. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo phula langa likadadyedwa ndi agogo.

M'zipatala zathu gadiyani ndiye amaphika, kusambitsa, kutembenuza ndi kudyetsa wodwala. Usiku, namwino mmodzi akakhala ndi odwala odzaza wodi, maso omwe amakhala pa chubu ndi a gadiyani. Choncho chitetezo cha wodwala chimadalira zomwe gadiyaniyo wamva ndi kumvetsa. Monga wophunzira chiyankhulo, ndidaona kuti mbali ina ya vutoli yagona m'mawu. Pakuyankhula kwa tsiku ndi tsiku timangoti pakhosi kapena kummero, osasiyanitsa njira ya mpweya ndi ya chakudya. Munthu akauzidwa kuti chubu chapita m'mimba, m'maganizo mwake muli mpita umodzi wochokera pakamwa kukafika kumeneko, ndipo saona chifukwa choopera kuchikankha chikatuluka. Ine ndemwe ndidaona chojambula cha namwino chija, komabe pakati pa usiku maganizo a mpita umodziwo ndiwo adapambana. Ndidauzidwa zoyenera kuchita chubu chili m'malo, koma palibe adandiuza mwatchutchutchu zoyenera kuchita chikatuluka.

Ndikadapatsidwa mpata wolemba chikwangwani cha m'wodi, ndikadalemba mfundo zochepa m'Chichewa chomveka. Poyamba, chubu chikatuluka ngakhale pang'ono musachibwezere, itanani namwino. Chachiwiri, musathire kanthu namwino asadaone, ngakhale madzi. Chachitatu, wodwala akayamba kutsokomola, kubanika kapena kusintha mtundu wa milomo mukudyetsa, lekani nthawi yomweyo. Chachinayi, musadyetse munthu atagona chagada. Pomaliza ndikadalemba kuti woulula cholakwa sadzakalipiridwa, chifukwa chomwe chidanditseka pakamwa kwa maola anayi ndi mantha. Kwa oyendetsa zipatala ndikadapempha kuti timapepala ta pH tisamasowe m'wodi, kuti namwino asamakakamizike kudalira khutu lake pa chinthu chomwe khutu silingathe kusiyanitsa.

Agogo adakhala ndi chubu masabata atatu. Anthu ambiri odwala sitiroko amayambanso kumeza pakapita masabata angapo, ndipo iwo adali m'gulu la amwayiwo. Namwino uja ankabwera ndi supuni yake masiku ena aliwonse, mpaka tsiku lina madzi adatsika popanda chitsokomolo, mawu ali mbee. Adayamba ndi phala lolimbirako, kenaka nthochi yofinya, ndipo ataona kuti akudya mokwanira adachotsa chubu. Tidatuluka m'chipatala m'mwezi wa Julayi. Lero agogo amayenda ndi ndodo, dzanja lamanja silidabwerere mwakale, ndipo mawu ena amawavuta kutchula. Koma nsima amadya okha ndi dzanja lamanzere, lomwe lija lidakoka chubu.

Amalume ndidawauza ndekha za usiku uja titafika kumudzi, amayi asadatero. Adamvetsera mpaka kumapeto, akusenda nzimbe. Ndinkadikira kuti anene kuti adanena. M'malo mwake adafunsa kuti, "Ndiye chubu chachiwiricho adachiyezanso ndi kapepala kaja?" Nditavomera, adagwedeza mutu n'kundipatsa mfundo ya nzimbe. Chaka chatha mkulu wina wa m'mudzi woyandikana nawo adadwala matenda omwewa, ndipo abale ake adabwera kudzafunsa nzeru kwa amalume. Ndidamva kuti adawauza kuti avomere chubu msanga, koma asamachoke pabedi, ndipo chikangosuntha akadzutse namwino ngakhale pakati pa usiku.